Kodi mumadziwa? Alendo amene anasanduka eni ake, ku Chipata ndi ku America

Imani pamphambano ku Chiparamba Lamlungu m'mawa, muone. A Dutch akulowera uku, Baibulo m'khwapa. Akatolika uko. A Mboni awiriawiri ndi zikwama zawo. Wa Sabata anapemphera kale dzulo, lero wasenza khasu ulendo wa kudimba. Mverani malonje awo: "Mwauka bwanji a Jere?" "Tauka, kaya inu a Phiri?" Mfunda uliwonse ndi mpingo uliwonse pamenepa unachita kubwera, ndipo unabwera ndi nkhani yake.

Ku America nthano yotchuka imati makolo awo anawoloka nyanja chifukwa cha chikhulupiriro. N'zoona, koma si zonse. Mlendo amasenza mitolo iwiri, wa mtima ndi wa mimba. Tiyeni timasule mitolo ya alendo athu kuno, tisuzumirenso ya anzathu kutsidya kwa nyanja.

OYAMBA NDANI?

Kodi mumadziwa kuti Achewa anapeza anthu kuno? Anali Akafula, alenje afupiafupi aja amene agogo amawatcha Amwandionerapati. Sankalima, ankadya za m'tchire. Zithunzi zofiira za m'mapanga akuti n'zawo, pamene zoyera, za chinamwali ndi za nyau, zinajambulidwa ndi Achewa pambuyo pake. Phanga la Thandwe, kufupi ndi Chipata, ndi amodzi mwa malo amene zojambula zakale zikuonekabe.

Kodi mumadziwa kuti Achewa nawonso amaloza kwina akafunsidwa kwawo? Mbiri ya pakamwa imati anachokera ku Uluba, m'dziko la Congo. A Banda ankadziwika ndi za mvula ndi za kachisi, a Phiri ndi za ufumu. Undi atapatukana ndi Kalonga anakamanga ku Mano, dera limene lero lili ku Mozambique. Likulu la Kalonga Gawa Undi tsopano lili ku Mkaika, m'boma la Katete, kumene Achewa a maiko atatu amakumana pa Kulamba mwezi wa Ogasiti. Mtolo wawo wa mtima unali Chauta, mizimu ya makolo, Makewana wa ku Msinja ndi Gule Wamkulu.

Kodi mumadziwa kuti Angoni, amene mayina awo ankanjenjemeretsa midzi, ananyamuka kwawo ngati othawa nkhondo? Zwangendaba Jere anali kumbali ya Ndwandwe, amene anagonja kwa Shaka cha m'ma 1819. Anthu ake anawoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa. Zwangendaba anakafera ku Ufipa, m'dziko la Tanzania, ana ake n'kugawikana. Mmodzi wa iwo, Mpezeni, anatsikira kwa Ansenga, kenako cha m'ma 1870 mpaka 1880 anadzakhazikika m'dziko la Mkanda, mfumu ya Achewa.

Kodi mumadziwa kuti ambiri mwa amene anafika ndi Mpezeni sanabadwire kum'mwera konse? M'njira monse Angoni ankatola anthu: Atonga, Akalanga, Ansenga, Achewa. Mnyamata wogwidwa akalimba mtima pankhondo ankakwezedwa, n'kusanduka Mngoni weniweni. Ana ankaleredwa ndi amayi achinsenga, ndipo mwana amayamwira chinenero kubere. N'chifukwa chake lero Mngoni wa kwa Mpezeni amalankhula moyandikira Chinsenga, Chingoni chenicheni n'kutsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'mawu otamanda mfumu.

Kodi mumadziwa kuti mitundu iwiriyi inabwera ndi malamulo a banja otembenuzana? Kwa Mchewa mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, mkamwini amakamanga kwa mkazi. Kwa Mngoni ng'ombe za lobola zikalowa m'khola la apongozi, ana ndi a bambo. M'boma la Kasenengwa, kumene kuli mafumu achingoni monga a Madzimawe, a Nzamane ndi a Mishoro pamodzi ndi a Chikuwe a Achewa, ankhoswe amayamba afunsa kuti ukwatiwu uyenda mwa mwambo uti.

AZUNGU A KAMPANI

Kodi mumadziwa kuti mzungu woyamba kukhala bwenzi la Mpezeni sanali Mngelezi kapena m'busa? Anali Carl Wiese, Mjeremani wogula minyanga ya njovu, amene ankadzera ku Tete. Mu 1891 anapeza pepala lonena kuti Mpezeni wamupatsa chilolezo pa dziko lalikulu. Pepala limenelo linayenda m'manja mpaka linafika kwa North Charterland Exploration Company, imene inakhazikitsidwa mu 1895 n'kumati malo okwana masikweya mailosi 10,000 ndi ake. Chimene inkasaka ndi golide.

Kodi mumadziwa kuti Angelezi oyamba kukhazikika ku America nawonso anatumidwa ndi kampani, osati mpingo? Virginia Company ya ku London inatsitsa amuna ndi anyamata 104 pa Jamestown mu Meyi 1607. Panalibe mkazi ndi mmodzi yemwe. Ambiri anali ana a mabanja apamwamba, manja ofewa osadziwa mpini. Iwonso ankafuna golide. Pofika Januwale 1608 anatsala amoyo 38 okha. Golide sanapezeke ku Jamestown, ndipo kwa Mpezeni nako chuma chimene kampani inkalota sichinaoneke.

Kodi mumadziwa kuti ufumu wa Mpezeni unagwa m'masabata owerengeka chabe? Nkhondo inabuka kumapeto kwa 1897, ndipo mu Januwale 1898 asilikali ochokera ku Nyasaland, Asikh a ku India ndi anthu akuda olamulidwa ndi Angelezi, analowa ndi mfuti zolavula zipolopolo ngati matalala. Mkondo ndi chishango sizinaphule kanthu. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera impi, anagwidwa n'kuwomberedwa mu Febuluwale. Ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Mpezeni anatengedwa ukaidi, anabwezedwa, n'kumwalira mu 1900. Nc'wala, mwambo wa Angoni, inazima mpaka 1980, pamene inatsitsimutsidwa. Lero imachitikira ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale.

Kodi mumadziwa kuti Chipata inakhalapo likulu la dziko? Kuyambira 1899 mpaka 1911, Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ndiye anali likulu la North-Eastern Rhodesia, ndipo amene anaimanga ndi bwanamkubwa Robert Codrington. Dzinalo linali la Leander Starr Jameson, dokotala wobadwira ku Edinburgh, bwenzi la Cecil Rhodes, amene anamangidwapo ku England chifukwa cholowa ndi zida m'dziko la Mabunu kumapeto kwa 1895. Dzina la Chipata linabwera ufulu wa 1964 utapezeka, ndipo mu 2017 tauniyi inakwezedwa kukhala mzinda.

Kodi mumadziwa kuti golide atakanika, mbali zonse ziwiri zinapulumukira kufodya? Ku Jamestown John Rolfe, uja anakwatira Pocahontas, anayesa mbewu yatsopano mu 1612, ndipo ndi fodya amene anaimika Virginia pamiyendo. Patatha zaka mazana atatu, azungu a mafamu ozungulira Fort Jameson, ena mwa iwo asilikali opuma a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anadzala fodya wotchedwa dzina lomwelo la Virginia. Mitengo itagwa mu 1928 ambiri anasiya mabalani ali chiimire. Mukadzaona mlimi akukoleza nkhuni pabalani usiku wonse, maso ali psuu ndi utsi, dziwani kuti dzina la tsamba akuwotchalo ndi la dera loyamba la Angelezi ku America.

Kodi mumadziwa kuti eni nthaka anasanduka alendo pakhomo pawo? Kuti mafamu a azungu apeze malo, Angoni ndi Achewa anakankhidwira m'malizevu, amene malire ake anakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1920. Anthu anathinana, nthaka inaguga, pamene malo ambiri a kampani anangokhala thengo, osalimidwa. Mu 1941 boma la atsamunda linagula malo a North Charterland ndipo linayamba kusamutsirako midzi. Midzi yambiri ya kuno ikamati "tinabwera nthawi ya agogo," ikunena za msamuko umenewo. Ku America nako eni dziko anathera m'malizevu, koma iwo ambiri sanabwererenso.

Kodi mumadziwa kuti azungu ambiri anapita ku America ngati antchito a kontalakiti? Mmphawi wa ku England wopanda ndalama ya sitima ankasaina pepala loti adzagwira ntchito zaka 4 mpaka 7 popanda malipiro, pobweza ya ulendo. M'madera a fodya, oterewa ndiwo anali ochuluka. Enanso pafupifupi 50,000 anali akaidi amene makhoti a Britain anawataya kumeneko pakati pa 1718 ndi 1775. Agogo athu akanawamvetsa. Msonkho wa nyumba, mashilingi 3, utayamba, amuna a kuno anayenda pansi kupita ku Salisbury ndi ku Joni, ena n'kusanduka machona.

A MTOLO WA MTIMA

Kodi mumadziwa kuti mishoni ya Magwero ndi ya msinkhu umodzi ndi tauni ya Chipata? Inayamba pa 5 Julayi 1899, ndi abusa P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr a Dutch Reformed Church ya ku Orange Free State. Anadzera ku Mvera, kumene anzawo a ku Cape anayamba ntchito mu 1889. Anali Mabunu, ndipo patangotha miyezi itatu, mu Okutobala 1899, dziko lakwawo linalowa m'nkhondo ndi Angelezi omwewo amene ankalamulira Fort Jameson. Madzimoyo inatsatira mu 1903, Nyanje mu 1905, Nsadzu mu 1908.

Kodi mumadziwa kuti mpingo wa a Dutch uli ndi mbale wake ku New York? Mzindawo poyamba unali New Amsterdam, wa anthu a ku Holland, ndipo mpingo wawo wa Reformed unakhazikitsidwa kumeneko mu 1628. Anthu a mtundu womwewo anafika ku Cape mu 1652 ndi Jan van Riebeeck, nawonso otumidwa ndi kampani ya malonda. Nthambi imodzi inalowera kumadzulo, ina kum'mwera, ndipo ya kum'mwerayo ndiyo inadzaphuka pa Magwero patatha zaka pafupifupi 250.

Kodi mumadziwa kuti anthu otchuka amene anapita ku America pa sitima ya Mayflower anayamba akhala ku Holland? Anali alimi wamba a kumidzi yozungulira Scrooby, ku England, amene anakana kupemphera mu mpingo wa mfumu. Anathawira ku Holland, n'kukhazikika ku Leiden mu 1609, kumene ambiri anapeza ganyu yowomba nsalu. Ali komweko, mu 1618 ndi 1619, kunachitika msonkhano wa ku Dordrecht, umene ziphunzitso zake a Reformed Church in Zambia amazivomereza mpaka lero.

Kodi mumadziwa kuti mwa anthu 102 a pa Mayflower, a mpingo wa ku Leiden sanafike ndi theka lomwe? Enawo anali amisiri, antchito ndi ofuna mwayi basi. Ulendo wa 1620 unatenga masiku 66, ndalama zake zinali ngongole kwa amalonda a ku London, ndipo ngongoleyo inatha kubwezedwa mu 1648. Nyengo yozizira yoyamba inapha pafupifupi theka la iwo. Malo amene anamangapo Plymouth anali bwinja la mudzi wa Patuxet, umene anthu ake anali atatha ndi mliri.

Kodi mumadziwa kuti othawa chizunzo nawonso anazunza? A Puritan, amene anayamba kufika mwaunyinji mu 1630 ndi John Winthrop, anali pafupifupi 20,000 pofika 1640. Anabwera ndi mabanja, ambiri odziwa kuwerenga, ndipo mu 1636 anayambitsa sukulu ya Harvard. Koma anapirikitsa m'busa Roger Williams ndi mayi Anne Hutchinson chifukwa chosiyana nawo maganizo, ndipo pakati pa 1659 ndi 1661 anapachika a Quaker anayi ku Boston. Khirisimasi imene anailetsa ndi lamulo kuyambira 1659 mpaka 1681. Kunonso munthu wobatizidwa akapezeka kudambwe kapena pamowa wa chikumbutso ankadulidwa mu mpingo.

Kodi mumadziwa kuti sukulu yoyamba ya akhungu m'Zambia inayambira ku Magwero? Mayi Issie Hofmeyr anaiyamba mu 1905, ndipo Ella Botes anapitiriza ntchitoyo kwa zaka zambiri. Ya ogontha inadzatsegulidwa pambuyo pake. Mu 1929 Justo Mwale anakhala munthu wakuda woyamba kudzozedwa ubusa mu mpingowu, ndipo sukulu ya ubusa ya ku Lusaka ikutchedwa dzina lake. Koma umwini wonse unadzaperekedwa m'manja mwa eni dziko mu 1966, zaka 67 chiyambire.

Kodi mumadziwa kuti Akatolika analowera ku Kachebere? Ansembe a White Fathers, gulu limene Kadinala Lavigerie anayambitsa ku Algiers mu 1868, anamanga pamenepo mu 1903, pamalire penipeni. Oyambawo ambiri anali Afalansa. Iwo ndi a Dutch ankapikisana potsegula masukulu m'midzi, moti mpingo wa banja lanu mwina unasankhidwa ndi mphunzitsi amene anayamba kufika kwa a nyakwawa. Medardo Mazombwe, amene anadzozedwa bishopu wa Chipata mu 1971, anakhala kadinala woyamba wobadwira m'Zambia mu 2010. Ku America, dera la Maryland linayamba mu 1634 ngati pothawira Akatolika, koma ambiri mwa amene anakwera sitima zake zoyamba anali antchito achipulotesitanti.

Kodi mumadziwa kuti amene anadzala mpingo wa Anglican ku Msoro sanali mzungu? Anali Leonard Kamungu, wansembe wachichewa wochokera ku Chia, kufupi ndi Nkhotakota. Anagwira ntchito pakati pa Akunda zaka zochepa zokha, n'kumwalira komweko mu 1913. Mishoni iliyonse inali ndi anthu otere: aphunzitsi ndi alaliki akuda oyenda wapansi mudzi ndi mudzi, amene mayina awo ambiri sanalembedwe pamwala.

Kodi mumadziwa kuti mipingo iwiri ya pamphambano ija inabadwira ku America? A Sabata, amene anamanga Mwami m'zaka za m'ma 1920, anakhazikitsa mpingo wawo ku Battle Creek, Michigan, mu 1863. A Mboni, amene agogo ankawatcha a Chitawala, anayamba ndi Charles Taze Russell ku Pennsylvania, ndipo uthengawo unafika ku Nyasaland ndi Elliot Kamwana mu 1908, kenako n'kufalikira ndi anthu a m'migodi. Pennsylvaniayo ndi dera limene William Penn, wa Quaker, analandira mu 1681 pa ngongole ya mapaundi 16,000 imene mfumu Charles II inali nayo kwa bambo a Penn. Penn analola aliyense kupembedza mwa njira yake.

ENA AMENE NTHANO IMAWAIWALA

Kodi mumadziwa chifukwa chake Amwenye a ku Chipata ambiri ndi Asilamu? Oyamba anafika ku Fort Jameson cha mu 1905, podzera ku Nyasaland, ndipo anali Asilamu a ku Gujarat. Wina akakhazikika ankaitana mphwake kapena mlamu wake wa mudzi womwewo kuti adzagwire m'sitolo, nayenso n'kudzatsegula yake. Anzawo achihindu ambiri analowera ku Livingstone, kutsata njanji. Kale masitolo a Amwenye ankapezeka mpaka kumidzi, akugulitsa nsalu, mchere ndi makasu. Malamulo a Mulungushi a 1968 anachepetsa malonda a anthu osakhala nzika, koma Down Shops ndi mzikiti waukulu wa m'tauni zikuchitirabe umboni.

Kodi mumadziwa kuti Fort Jameson inasungapo azungu othawa nkhondo? Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anthu a ku Poland, ambiri amayi ndi ana, atatulutsidwa m'misasa ya Soviet Union anadzera ku Iran n'kubalalitsidwa m'maiko a Africa. Msasa umodzi unali kuno, ina ku Lusaka, ku Bwana Mkubwa ndi ku Abercorn, imene lero ndi Mbala. Patapita zaka, m'ma 1980, abale athu a ku Mozambique nawo anathawira ku Ukwimi, kudera la Petauke.

Kodi mumadziwa kuti anthu akuda anafika ku Virginia Mayflower isananyamuke? Mu Ogasiti 1619 sitima ina inatsitsa anthu opitirira 20 amene anagwidwa kudera la Angola. Iwo sanasankhe ulendo, sanasenze mtolo, koma thukuta lawo ndi la zidzukulu zawo ndilo linadzalemeretsa minda ya fodya. Ku Virginia komweko, mumzinda wa Lynchburg, n'kumene John Chilembwe wa ku Nyasaland anakaphunzira ubusa pakati pa mbadwa za akapolo, asanabwerere kwawo mu 1900.

Kodi mumadziwa kuti nsima yanu nayonso ndi mlendo? Chimanga, nsawa, chinangwa, mbatata, tomato ndi fodya zonse zinachokera ku America, ndipo zambiri zinafika ku Africa ndi sitima za Apwitikizi. Makolo akale ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Chimanga chomwecho n'chimene Tisquantum, mmodzi mwa eni dziko, anaphunzitsa anthu a Mayflower kudzala mu 1621, n'kuwapulumutsa ku njala. Akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma nthawi imeneyo kalumo kanali ndi mwini mudzi.

MAWU KWA INU OWERENGA

Mu mndandanda wonsewu mulibe mtundu umene unamera ngati bowa. Wina anathawa Shaka, wina anathawa bishopu, wina anatsata golide, wina ngongole, wina anabwera atamangidwa unyolo. Amati mlendo ndi mame, koma mame a ku Chipata ndi a ku America sanakamuke: anamanga nyumba, matchalitchi, mizikiti ndi masitolo.

Ntchito yanu sabata ino ndi iyi. Khalani pansi ndi agogo madzulo, muwafunse mafunso atatu: chiwongo chathu chinachokera kuti, mudzi uno unasamuka kuchoka pati, ndipo woyamba kubatizidwa pabanja pathu anali yani? Mayankhowo alembeni m'kope lolimba, chifukwa agogo akadzapita, palibe kampani kapena mishoni imene idzakusungireni.